Malasha Akutali, Zifuwa za ku Dowa ndi Ntchisi

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mulibe mgodi wa malasha. Muyende kuchokera pa Mvera, mukwere Kongwe, mudutse pa Mponela mpaka mukalowe m'nkhalango ya Ntchisi, chakuda chimene mungachione m'mbali mwa msewu ndi matumba a makala a mitengo basi. Koma ine ndimati maboma awiriwa ndi dziko la anthu a m'migodi. Kwa zaka zoposa 80, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufikira mu 1988, midzi ya kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Kalumo, kwa Chikho ndi kwa Nthondo inkaperekeza anyamata ake kukakumba pansi pa maiko a eni. Ambiri anakakumba golide ku Joni, ena malasha ku Wankie ndi ku Witbank. Mgodi unali kutali, koma msonkho umene unawathamangitsa, akazi amene anawadikira ndi chifuwa chimene anabwera nacho, zonsezi n'za kuno. Mbiri imeneyi ilibe nyumba yake. Ili m'mabokosi achitsulo kunsi kwa mabedi, ndi m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka.

Malasha a dziko lathu ali kumpoto, ku Rumphi ndi ku Karonga, ndipo ena akali pansi ku chigwa cha Shire. Migodi ya Kaziwiziwi ndi Mchenga inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo munthu wotsika Chiweta amakumana ndi malole akuda bii akukwawa ndi katundu wa kumeneko. Pamwamba pa mapiri omwewo, ukatha makona 20 a msewu wa Gorodi, pali Livingstonia. Pamenepo pali Stone House, nyumba ya miyala ya mu 1903 imene ankakhalamo Dr Robert Laws, ndipo lero mbali ina ya nyumbayo amasungiramo zinthu zakale. Si yaikulu ayi. Muli zithunzi zothimbirira, makalata, zida zachipatala za makedzana ndi katundu wa amishonale oyamba. Panja pali malo pamene mu Malichi 1959, nthawi ya chipwirikiti, anthu a pamishoni anandanda miyala pa kapinga kulemba vesi la Aefeso 2:14, kuti a m'ndege ya boma awerenge kuti azungu a pamenepo sakufuna kusamutsidwa kusiya anzawo akuda. Nditacheza m'nyumbamo ndinatuluka ndi nsanje, nsanje yabwino. Anthu a ku Livingstonia ali ndi poloza akafuna kuuza mwana za dzana. Zimene zasungidwamo si zamtengo wapatali. Mtengo wake ndi wakuti munthu wina, zaka zambiri zapitazo, anakana kuzitaya. Nanga ife a ku Dowa ndi Ntchisi tinakana kutaya chiyani?

Chimene chinatsegula njira ya kummwera ndi msonkho. Azungu asanafike, anthu a m'mapiri muno ankaidziwa kale ntchito ya moto ndi miyala. Achewa ankafukula miyala ya chitsulo, n'kuisungunula m'ng'anjo ndi makala, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mivi. Kuthawa nako anali atakuzolowera, pakuti Angoni a Chiwere Ndhlovu atakhazikika m'dera la Dowa, mabanja ambiri anakwera m'mapiri, ena n'kukabisala m'nkhalango ya Ntchisi. Pa 28 Novembala 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni pa Mvera, m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe kwa Msakambewa. Sukulu zinayamba, nkhondo za mikondo zinazilala. Koma kumbuyo kwa mbusa kunali mzungu wa boma ndi kabuku kake. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo posakhalitsa linaumirira kuti ukhale wa ndalama, osati mbuzi kapena mapira. Mu 1902 unakwera kufika pa masheleni 6, koma amene wagwirira mzungu ntchito mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3 okha. Cholinga chake sichinabisike. Wolephera kukhoma ankamutenthera nyumba, mwinanso asilikali ankagwira mkazi wake mpaka mwamuna atapezeka ndi ndalama. Kuno kunalibe minda ya azungu yokwanira kulemba anthu onsewo, ndipo ya ku Blantyre ndi ku Mulanje malipiro ake anali ochepa poyerekeza ndi a kutsidya kwa Zambezi. Mnyamata anawerengera yekha n'kumanga kamtolo kake.

Oyambawo ankapita wapansi, m'magulu, wina wasenza ufa, wina mphika, aliyense mphasa ndi kankhwangwa. Njira ina inkadzera ku Dedza, kulowa m'dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi pa Tete, kukatulukira ku Mutoko mpaka ku Halale. Ina inkadzera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, n'kutsikira ku Feira. Unali ulendo wa milungu yambiri. Mikango inalipo, asilikali a Apwitikizi olanda katundu analipo, ndipo ufa ukatha m'njira munthu ankaima pa famu n'kugwira ganyu kuti apeze kamba wopitirizira. Aliyense ankafunitsitsa kufika yekha kummwera kuti akasankhe yekha bwana, chifukwa wogwa m'manja mwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu limene linayamba mu 1903, ankatumizidwa kumene ena onse akukana. Ntchito yoteroyo anthu ankaitcha chibalo, ndipo umodzi mwa migodi imene inkadalira chibalo unali wa Wankie.

Wankie, imene lero ndi Hwange, ili kumadzulo kwa Zimbabwe, kufupi ndi mathithi a Victoria, m'dziko la Anambya. Njanji inafikako mu 1903, ndipo kuyambira pamenepo malasha ake ndiwo ankayendetsa sitima za Rhodesia, ndipo pambuyo pake ankasungunulanso mkuwa wa ku Katanga ndi ku Copperbelt. Ndi malo otentha koopsa, a malungo. M'zaka zoyambirira anthu ankafa ndi chibayo, kamwazi ndi nthenda yotupitsa nkhama imene imadza munthu akamangodya nsima yopanda ndiwo zamasamba, ndipo fuluwenza ya mu 1918 inasesa ambiri. Eni dzikolo, okhala ndi ng'ombe ndi minda pafupi, ankauzemba mgodiwo. N'chifukwa chake komboni ya Wankie inadzaza ndi alendo: a ku Northern Rhodesia, a ku Tanganyika, a ku Mozambique ndi a ku Nyasaland. Kumeneko Mchewa wa ku Ntchisi anagona chipinda chimodzi ndi Mlozi ndi Mnyakyusa, anaphunzira Chilapalapa cholankhulira ndi kapitawo, analowa m'magulu othandizana pa maliro, ndipo Lamulungu ankavina. Gule wamkulu amene akuvinidwa mpaka lero m'migodi ndi m'mafamu a Zimbabwe anapita kumeneko m'mitu ya amuna amenewa. Sanali anthu ongogonjera chilichonse. Mu Febuluwale 1954 antchito a pa Wankie ananyanyala ntchito, moti nduna yaikulu Garfield Todd inachita kutumizako asilikali. Wolemba mbiri Ian Phimister analemba buku lathunthu la mgodi umenewu, Wangi Kolia, monganso Charles van Onselen analemba lake lotchedwa Chibaro. Mabuku awiriwa akunena za agogo athu, koma ndi angati a ife amene tinawaonapo pa sukulu za kwathu?

Pali chinthu chimodzi chimene chimamangirira Mvera ku mbiri imeneyi, ndipo sichitchulidwa kawirikawiri. Akhristu a ku Nyasaland okhala ku Salisbury, ku Halale kuja, anadandaulira mishoni kuti iwatumizire mbusa wodziwa chilankhulo chawo. Mu 1912 amene anapita ndi Vlok yemwe uja, mmodzi mwa awiri oyambitsa Mvera. Nkhosa zinali zitachoka m'mapiri, mbusa n'kuzilondola. Mpingo umene anauyamba kumeneko ndiwo unadzakhala Sinodi ya Harare ya CCAP, ndipo alaliki ake ankayendera mafamu ndi migodi, kupemphera m'Chinyanja, kunyamula makalata ndi mauthenga a maliro. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi W.H. Murray wa ku Mvera ndipo linatuluka mu 1922, linawerengedwa m'komboni monga linawerengedwera pa Kongwe.

Ngakhale Kamuzu Banda anadzera njira yomweyi. Anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, anagwira ntchito pa chipatala ku Hartley, kenako iye ndi amalume ake, Hanock Msokera Phiri, anakalowa ntchito pa mgodi wa malasha kufupi ndi Dundee ku Natal, asanapite ku mgodi wa golide ku Boksburg. Fumbi la malasha analilawa yekha.

Kumudzi nako nkhani inali kuchitika, ndipo kwa ine iyi ndiyo mbali imene tiyenera kuisunga koposa. Mwa chikhalidwe cha Achewa mwamuna ankakhala chikamwini, kulima munda wa kuchikazi, akuyang'aniridwa ndi apongozi ndi mwini mbumba. Ndalama ya ku mgodi inasintha kaimidwe ka mkamwini. Wobwera ndi mapaundi ankatha kupempha chitengwa n'kupita ndi mkazi kwawo, ankatha kugula ng'ombe, ankayankha pa bwalo mosaweramitsa mutu kwambiri. Koma zimenezo n'za amene anabwera. Mkazi wa amene sanabwere ankalima yekha, kufolera nyumba ndi thandizo la alongo ake, kulera ana, osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Ankhoswe ankasowa chogamula: amumasule akwatiwenso, nanga mwini wake akatulukira mawa ndi sutikesi? Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko, ndipo gawo lina la iwo linali la matchona, osayembekezekanso kubwerera. Ku Dowa fodya anaigwirako miyendo ena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi Dowa ankalima fodya wa chikopa, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira malondawo. Chaka chimene mtengo uli bwino, mnyamata ankakhala n'kumanga chigafa. Mtengo ukagwa, monga unagwera m'zaka za m'ma 1930, ankasiya khasu n'kufunsa njira ya ku Halale. Moyo wa midzi yambiri kuno unkayenda pakati pa ziwirizi, msika wa fodya ndi mgodi.

Amayiwo sanalembe makalata ambiri, koma madandaulo awo anawaika m'nyimbo za pamtondo. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda ndi makina ake ojambulira mawu m'dziko muno, anafika ndi pa Visanza, pamene lero ndi boma la Ntchisi, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Mawu a anthu a ku Ntchisi ali m'kabati kutsidya kwa Limpopo, zidzukulu zawo sizinawamvepo. Ndipo tisaiwale kuti dera lomweli ndilo linabala Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Mvera wobadwa mu 1905, mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Iye anaona msanga kuti zokamba za akuluakulu zikapanda kulembedwa zimapita nawo kumanda. Mwambo wosunga mbiri si wachilendo m'mapiri muno; tinangouleka panjira.

Ulendo wa ku Joni uli ndi mbiri yakeyake. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene tonse timalidziwa kuti Wenela, linayamba kulemba anthu kuno mu 1903. Anthu ochokera kumaiko otentha anafa ndi chibayo mochititsa mantha, moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba aliyense wochokera kumpoto kwenikweni kwa Limpopo. Khomo linatsegukanso m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika m'ma 1950 Wenela inali ndi ndege zake. Mnyamata wa kwa Chakhaza amene sanakwerepo ngakhale basi ankapimidwa sikelo, kuvulidwa malaya, kumvedwa m'chifuwa, kudinda chala pa kontirakiti, n'kukwera ndege mpaka ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya ku Johannesburg. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandirire kuno, ndipo ndalama imeneyo boma linkaikonda chifukwa inkabweretsa ndalama zakunja. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Dzina la Wenela lidakalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa chimene linkatanthauza kwa agogo awo.

Kubwera kwa munthu wa ku Joni kunali chikondwerero cha mudzi wonse. Njinga ya Humber kapena Raleigh, makina osokera a Singer, galamafoni, kenako wailesi, mabulangete olemera, jasi lofika m'maondo, nsalu ya amayi ndi ya apongozi. Malata oyamba m'midzi yambiri ya kuno anagulidwa ndi ndalama ya pansi pa nthaka, ndipo ana ambiri amene anaphunzira pa sukulu ya Robert Blake fizi yawo inachokera komweko. Zimenezi n'zoona, ndipo wokamba mbiriyi ngati ya misozi yokhayokha akunama. Amunawo ankanyadira, ndipo anali ndi chifukwa.

Bokosi limodzi lotere ndinalionapo mkati mwake. Mwini wake anali agogo, atsibweni awo a mayi anga, amene anagwira ntchito pa mgodi wa malasha kufupi ndi Witbank. Linali lachitsulo, lopaka utoto wobiriwira, loko wake atachita dzimbiri. Pamwamba panali jasi lonunkha mankhwala a njenjete. Pansi pake panali lamba wachikopa wokhuthala, amene ankakolekapo batire la nyali, ndi kabuku ka ntchito kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga, muli chidindo cha chala chawo ndi nambala. Chaka chimene anabadwa sankachidziwa bwino, koma nambalayo ankaitchula osaphonya ngakhale atadzidzimutsidwa kutulo. Munalinso chithunzi chojambulitsa ku situdiyo, atavala suti ndi chipewa, dzanja lili pa wailesi imene sinali yawo. Chisoti cha ku mgodi sichinali m'bokosimo. Chinali panja, chagadama pafupi ndi khola, nkhuku zikumweramo madzi.

Ankati pa khomo la mgodi munthu aliyense ankasechedwa, chifukwa ndudu imodzi kapena kamtengo ka machesi kakanatha kupha onse. Iwo, mwana wa mlimi wa fodya, anaphunzira kunyamula wa mphuno m'kabotolo. Ankati pokumba ankasiya nsanamira za malasha omwewo kuti zigwire denga, ndipo mwina ankaimika mitengo. Mitengoyo ikayamba kulira, wanzeru ankataya fosholo n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo. Ankati potuluka munthu sunkamuzindikira mnzako kufikira atatsegula pakamwa, ndipo malovu ankakhala akuda mpaka Lamulungu madzulo. Pofotokoza zonsezi ankaima kawirikawiri kuti akoke mpweya, dzanja lili pa nthiti. Pamudzi tinkangoti ndi chifuwa cha ukalamba.

Tsiku loipitsitsa m'mbiri ya malasha kwa Amalawi ndi la 6 Juni 1972. M'mawa wa tsikulo mgodi wa Wankie No. 2 unaphulika. Mpweya woyaka wa methane ukagwira moto pansi, mphepo yake imautsa fumbi la malasha limene lagona m'njira zonse, ndipo fumbilo limayaka n'kuthamangitsa moto mgodi wonse m'kanthawi kochepa. Njira yodziwika yoletsera zimenezi ndi kuwaza fumbi la miyala kuti la malasha lisayake, ndipo ofufuza za ngoziyo anapeza kuti chitetezo chimenechi chinali choperewera. Anthu 427 anafa. Mwa iwo 91 anali a ku Zambia, 52 a ku Mozambique, 37 a ku Malawi ndi 30 a ku Tanzania. Opulumutsa anayesa kwa masiku angapo, koma mpweya wa poizoni ndi kuphulika kwina zinawabweza, ndipo akuluakulu a mgodi analamula kuti khomo litsekedwe ndi konkire. Mitembo yambiri ili momwemo mpaka lero. Pamalopo, pa Kamandama, pali chikumbutso chokhala ndi maina, ndipo pa 6 Juni chaka chilichonse anthu amasonkhanapo. Taganizani za mudzi wa Achewa umene walandira uthenga wotere: maliro opanda mtembo, opanda manda oti adzukulu akumbe, opanda poti mbumba idzasese pokonzekera bona. Amalawi 37 aja ali ndi mwala wa maina awo ku Hwange. Kwawo kuno tsikulo limadutsa ngati tsiku lina lililonse.

Pasanathe zaka ziwiri, pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown. Anthu 78 anafa, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi, katundu wa ana awo ali m'manja. Kamuzu analetsa pomwepo kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi anabwerera. Anauzidwa kuti chuma chili m'nthaka. Ena analimadi n'kutukuka, koma ambiri anakathera pa utenanti m'maesiteti a fodya a ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa momwemuno, amene nthawi imeneyo ankakula mofulumira ndipo ankafuna manja otchipa. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma kwa anthu ochepa, ndipo kunatheratu mu 1988 pamene maboma awiriwa anakangana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Njira ya ku Joni sinatsekeke, achinyamata a ku Mponela ndi ku Madisi akupitabe pa basi, koma tsopano amapita opanda kontirakiti, kukagwira ntchito za m'nyumba, m'minda ndi m'mashopu.

Matchona nawo mbiri yawo sinathere pa mgodi. Ana ndi zidzukulu zawo ku Zimbabwe, a Phiri, a Banda, a Mbewe obadwira ku Hwange ndi ku Mbare, anakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linawalanda ambiri ufulu wovota kufikira malamulo atsopano a dzikolo a mu 2013 atawatsegulirako khomo. Ena mwa iwo amadziwa dzina la mfumu ya kwawo kwa agogo awo, Kasakula kapena Mkukula, koma sadziwa kuti angayambire pati kufunsa.

Maiko ena a migodi anaona msanga kuti mbiri ya wantchito imatayika mosavuta kuposa ya bwana. Ku Dundee kuja kunagwira ntchito Kamuzu kuli Talana Museum, imene mbali ina imaonetsa za migodi ya malasha ya m'deralo. Ku Lwandle, kufupi ndi Cape Town, anthu a m'deralo anasunga hositelo imodzi ya amuna ogwira ntchito kutali ndi kwawo monga inalili, mabedi ake ndi zonse, n'kutsegula nyumba ya mbiri mu 2000. Ku Blaenavon m'dziko la Wales, mgodi wa Big Pit utatsekedwa mu 1980 unatsegulidwanso mu 1983 kuti anthu azikaona, ndipo otsogolera alendo pansi anali anthu amene ankakumba momwemo. Kwathu kuno tili ndi zitsanzo za nyumba za mbiri zoyambira m'dera: ya ku Mua imene inakula ndi khama la Bambo Claude Boucher, ndi ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Palibe chimene chingaletse Dowa ndi Ntchisi kukhala ndi yawo.

Sindikunena za chinyumba cha mamiliyoni chodikira wopereka thandizo wakunja. Chipinda chimodzi chokhala ndi denga losadontha n'chokwanira poyambira, kaya m'nyumba ina yakale ya njerwa pa Mvera, kaya pa Mponela pamene anthu a maboma onse awiri amakumana pa msika. Mukhale bokosi, chisoti, lamba, kabuku ka ntchito, lisiti la msonkho, mtondo ndi munsi, ndi mapu osonyeza njira ya pa Tete ndi ya pa Francistown. Pakhoma pakhale maina, mudzi ndi mudzi: amene anapita, amene anabwera, amene anatchona, ndi akazi amene anatsala akulima. Mafumu ali ndi kaundula wa anthu awo, mipingo ya Sinodi ya Nkhoma ili ndi mabuku a ubatizo ndi makalata osamutsira akhristu ku Salisbury, ndipo ana a sekondale ali ndi mafoni otha kujambula mawu. Mwana aliyense wa Fomu 3 atapatsidwa ntchito yokhala pansi ndi agogo mmodzi, kuwafunsa mwaulemu n'kujambula, chaka chimodzi chokha chingatipatse nkhokwe imene palibe yunivesite ingaisonkhanitse. Koma nthawi yatha kale. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero wapitirira zaka 70, ndipo ambiri a msinkhu wake mapapo awo si a munthu woti n'kudikira.

Mapepala a m'mabokosiwa ali ndi ntchito inanso yoposa kukumbutsa. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira anthu amene anadwala matenda a fumbi la miyala ndi TB m'migodi ya golide ya makampani asanu ndi imodzi pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo likuyendetsa malipirowo, kuphatikizapo a anthu a maiko oyandikana nawo. Mgwirizanowo sukhudza a m'migodi ya malasha. Koma kaya ndi wa golide kaya ndi wa malasha, funso loyamba limene munthu kapena mkazi wake wamasiye amafunsidwa ndi la nambala, dzina la mgodi ndi zaka zimene anagwira ntchito. Pa maliro ambiri kuno, tsiku logawa katundu wa malemu, jasi amatenga mphwawo, bokosi amatenga mwana wamkazi kuti azisungiramo mbale, ndipo mapepala achizungu amene palibe akuwamvetsa amathera pa moto pamodzi ndi zinyalala za pa siwa. Banja limene lili ndi kabuku kotere likakulunge m'pulasitiki, likajambule pa foni tsamba ndi tsamba, ndipo lilembe kumbuyo kwa chithunzi dzina la munthuyo, mudzi wake, mfumu yake ndi mgodi umene anakumba.